Mary Shelley ndi Frankenstein: mantha ochokera m'manja mwa munthu

Mu Novembala 2025 Netflix, kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti, inatulutsa filimu yatsopano ya Frankenstein, imene anakonza ndi Guillermo del Toro wa ku Mexico, ndipo dzinali linayambanso kumveka paliponse. Kunena zoona silinazimirirepo. Anthu akamatsutsana za makompyuta amene akuphunzitsidwa kulemba ndi kuyankha ngati munthu, kapena za mbewu zimene akatswiri amazisintha chibadwa, sipatenga nthawi wina asanatchule Frankenstein. Koma chimene ambiri amaona m'maganizo mwawo ndi chimphona cha mutu wophwatalala, chokhala ndi zitsulo m'khosi, choyenda modzikoka uku chikubuula. Chimphona chimenecho n'cha mufilimu ya 1931, imene Boris Karloff anasewera. M'buku mulibe chotere. Komanso Frankenstein ndi dzina la wophunzira amene anapanga cholengedwacho, pamene icho sichinapatsidwe dzina lililonse.

Amene analemba bukuli ndi Mary Shelley, wa ku England. Analiyamba ali ndi zaka 18 ndipo linatuluka ali ndi zaka 20. Kuti timvetse chifukwa chake nkhani ya mtsikana wa msinkhu umenewu ikutchulidwabe patatha zaka zoposa 200, tiyenera kudziwa zimene anapeza olemba anzake akuchita, zimene iye anasintha, komanso zimene zinkamuchitikira m'nyumba mwake pa nthawiyo.

Nkhani zoopsa asanabwere Mary

Nthano za mizukwa ndi zilombo zinalipo kuyambira kalekale pakati pa mitundu yonse. Koma monga mtundu wa buku losindikizidwa, lolembedwa dala kuti wowerenga tsitsi limuimirire, nkhani zoopsa za m'Chingerezi amati zinayamba mu 1764, pamene Horace Walpole anatulutsa The Castle of Otranto. Mabuku amtunduwu anapatsidwa dzina loti gothic, kutengera mamangidwe a nyumba zakale zamiyala zimene nkhanizo zinkachitikiramo. M'mabukuwa mumakhala linga lakale lokhala ndi makonde amdima, chinsinsi cha makolo chimene chabisidwa kwa zaka zambiri, temberero, mtsikana wotsekeredwa ndi munthu wankhanza, ndi phokoso losadziwika usiku.

M'zaka za m'ma 1790 olemba awiri anasonyeza njira ziwiri zoopsezera munthu. Ann Radcliffe, amene anatchuka kwambiri ndi The Mysteries of Udolpho mu 1794, ankamusiya wowerenga ali njenjenje kwa masamba ambirimbiri, kenako kumapeto n'kuulula kuti chimene chinkaoneka ngati mzukwa chinali ndi chifukwa chomveka. Matthew Lewis, m'buku lake The Monk la 1796, sankabisa kanthu. Magazi, mitembo yowola ndi Satana weniweni zonse ankaziika poyera. Radcliffe anafotokoza kusiyana kumeneku m'nkhani ina imene inasindikizidwa mu 1826 iye atamwalira kale. Anati mantha a chinthu chimene sunachione amadzutsa maganizo, pamene kuona chinthu chonyansa maso ndi maso kumangoumitsa munthu thupi. Mpaka lero olemba ndi okonza mafilimu oopsa amagawikabe m'magulu awiriwa.

Mary Shelley anatenga mdima ndi mantha a mabuku amenewa, koma anachotsamo chimene chinkawagwiriziza. M'buku lake mulibe mzukwa, mulibe Satana, mulibe temberero la makolo. Muli wophunzira wa pa yunivesite, mabuku ake, zida zake ndi khama lake basi. Wowerenga wa kwathu akamva za chinthu chodzutsidwa kuchokera ku mitembo akhoza kukumbukira ndondocha, ndipo kuyerekezako kumathandiza kuona kusiyana kwake. Malinga ndi chikhulupiriro, ndondocha ndi munthu amene anali ndi dzina ndi abale, n'kutengedwa mwamatsenga kuti azigwirira ntchito mwini wake, ndipo amati amaidula lilime kuti isaulule. Cholengedwa cha Frankenstein sichinakhalepo munthu, sichinapangidwe ndi mankhwala a sing'anga, chimalankhula mwanzeru kuposa mwini wake, ndipo mwini wakeyo m'malo mochigwiritsa ntchito anachithawa usiku womwe chinatsegula maso.

Mwana wa anthu awiri otchuka

Mary anabadwira ku London pa 30 Ogasiti 1797. Bambo ake, William Godwin, anali wolemba nkhani za ndale ndi nzeru za moyo, wodziwika ndi maganizo otsutsa mafumu ndi miyambo yambiri ya nthawiyo, ngakhale ukwati umene. Mayi ake, Mary Wollstonecraft, ndi amene analemba A Vindication of the Rights of Woman mu 1792, buku lonena kuti akazi amaoneka operewera nzeru chifukwa chongomanidwa maphunziro. Mayiwa anamwalira pa 10 Seputembala 1797 ndi matenda amene anawagwira atangobereka. Motero Mary anakula akudziwa amayi ake kudzera m'mabuku awo ndi pa manda awo, kutchalitchi cha St Pancras, kumene ankakonda kupita kukawerenga.

Mu 1801 bambo ake anakwatira mkazi wina, Mary Jane Clairmont, amene anabwera ndi ana ake, ndipo Mary ndi mayi omupezawa sankamwerana madzi. Sanapite kusukulu kwa nthawi yaitali, koma m'nyumbamo munali mabuku ochuluka ndipo munkabwera alendo ophunzira, monga wolemba ndakatulo Samuel Taylor Coleridge.

Mmodzi wa alendowo anali Percy Bysshe Shelley, mnyamata wolemba ndakatulo, wa m'banja lolemera, amene ankasirira maganizo a Godwin. Percy anali kale ndi mkazi, Harriet, komanso mwana. Mu Julayi 1814 iye ndi Mary, amene anali ndi zaka 16, anathawira ku France pamodzi ndi Claire Clairmont, mwana wa mayi omupeza aja. Godwin, ngakhale analembapo zotsutsa ukwati, anakwiya kwambiri moti anakana kulankhula ndi mwana wakeyo kwa zaka zoposa ziwiri. Atabwerera ku England anapeza ngongole zikuwadikira ndipo anzawo ambiri anawafulatira.

Mu Febuluwale 1815 Mary anabereka mwana wamkazi masiku asanakwane, ndipo khandalo linamwalira pasanathe milungu iwiri. M'buku limene ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku analemba kuti analota mwanayo atakhalanso ndi moyo, kuti anangozizidwa chabe ndipo atamusisita pafupi ndi moto anatsitsimuka. Loto limeneli n'lovuta kuliiwala munthu akamawerenga buku limene analiyamba chaka chotsatira.

Mvula ya ku Geneva

Mu Epulo 1815 phiri la Tambora, pa chilumba cha Sumbawa ku Indonesia, linaphulika mwamphamvu kwambiri. Phulusa ndi utsi wake zinafalikira mumlengalenga n'kutchinga dzuwa, moti mu 1816 ku Ulaya nyengo yotentha inadza ndi mvula ndi chisanu, mbewu zinalephera ndipo m'madera ambiri munagwa njala.

M'miyezi imeneyi Mary, Percy, mwana wawo wakhanda William ndi Claire anali m'mphepete mwa nyanja ya Geneva ku Switzerland. Pafupi nawo, m'nyumba yotchedwa Villa Diodati, munkakhala Lord Byron, wolemba ndakatulo wotchuka kwambiri pa nthawiyo, ndi dokotala wake John Polidori. Poti mvula inawatsekera m'nyumba, ankawerengerana nkhani za mizukwa za ku Germany zomasuliridwa m'Chifalansa, mpaka Byron ananena kuti aliyense alembe yake. Akatswiri awiri a ndakatulo aja sanafike nazo patali. Amene anamaliza ndi awiri amene palibe ankawayembekezera. Polidori, potengera kachidutswa kamene Byron anasiya, anatulutsa The Vampyre mu 1819, nkhani imene inayambitsa chithunzi cha woyamwa magazi wovala bwino ndi wa m'banja lolemekezeka, kutatsala zaka 78 kuti Dracula ya Bram Stoker ituluke. Winayo anali Mary.

M'mawu oyamba amene analemba pamene Frankenstein inkasindikizidwanso mu 1831, Mary anafotokoza kuti anakhala masiku angapo osapeza nkhani. Kenako usiku wina, atamvetsera Byron ndi Percy akukambirana za chimene chimapatsa thupi moyo, tulo tinamuthawa, ndipo m'maganizo mwake anaona wophunzira atagwada pambali pa chinthu chimene analumikiza, chinthucho chikuyamba kugwedezeka. Tizikumbukira kuti ankalemba zimenezi patatha zaka 15, pamene Byron, Percy ndi Polidori onse anali atamwalira, choncho akatswiri ena amaona kuti anaisalaza nkhaniyo kuti imveke bwino.

Akulemba bukuli maliro anapitirira. Mu Okutobala 1816 mkulu wake wa bambo wina, Fanny Imlay, anadzipha. Mu Disembala thupi la Harriet, mkazi wa Percy, linapezeka m'dziwe la Serpentine ku London. Pa 30 Disembala chaka chomwecho Mary ndi Percy anakwatirana.

Magetsi, achule ndi mitembo

Kwa ife lero kudzutsa mtembo ndi nthano chabe. Kwa anthu ophunzira a m'nthawi ya Mary linali funso lenileni la sayansi. Mu 1791 Luigi Galvani wa ku Bologna ku Italy anafalitsa zimene anapeza, zoti mwendo wa chule wakufa umaphiriphitha ukakhudzidwa ndi zitsulo kapena mphamvu ya magetsi. Iye ankakhulupirira kuti m'thupi la nyama muli magetsi akeake. Alessandro Volta anatsutsa, ponena kuti mphamvuyo ikuchokera m'zitsulozo, ndipo mkangano umenewu ndi umene unamufikitsa popanga batire loyamba mu 1800. Kugwedeza minofu ndi magetsi kunatchedwa galvanism, kutengera dzina la Galvani.

Mphwake wa Galvani, Giovanni Aldini, anapita nazo patsogolo. Mu Januwale 1803 ku London anapatsidwa mtembo wa George Forster, amene anali atangonyongedwa kumene pa mlandu wakupha, ndipo anaulowetsa magetsi anthu akuonerera. Nsagwada zinanjenjemera, diso limodzi linatseguka, dzanja linatukuka. Lamulo la 1752 linkalola kuti mitembo ya anthu onyongedwa chifukwa chopha anzawo iperekedwe kwa madokotala kuti aing'ambe pophunzira. Mitembo yotere sinkakwanira, choncho panabuka anthu ofukula manda usiku n'kumagulitsa mitembo kusukulu za udokotala, mchitidwe umene unachepa pokhapokha lamulo latsopano litakhazikitsidwa mu 1832. Wowerenga wa mu 1818 akamva kuti Victor Frankenstein ankatola zipangizo zake kumanda, m'zipinda zong'ambiramo mitembo ndi kophera nyama, ankadziwa kuti zotere zikuchitikadi m'mzinda wake.

Pa zaka zomwezo madokotala awiri a ku London ankakangana poyera. John Abernethy ankati moyo ndi chinthu chapadera chowonjezedwa m'thupi, chofanana ndi magetsi, maganizo amene ankagwirizana ndi chiphunzitso cha mzimu. William Lawrence ankati moyo umangochokera m'mene ziwalo zalumikizirana ndi kugwirira ntchito. Lawrence ameneyu anali dokotala wa Percy Shelley. Chochititsa chidwi n'chakuti bukuli silinena mbali imene likugwirizana nayo, ndipo silifotokoza n'komwe njira imene Victor anagwiritsa ntchito. Iye amakana dala kuiulula kuti wina asadzamutsanzire. Mphezi ndi makina othetheka moto zimene anthu amazidziwa zinabwera ndi mafilimu.

Zimene zili m'bukumo

Nkhaniyi imafotokozedwa ndi anthu atatu, wina mkati mwa mnzake. Woyamba ndi Robert Walton, woyendetsa sitima yapamadzi yopita kumpoto kwenikweni kwa dziko, amene akulembera makalata mlongo wake. Iye atola munthu wofooka pa madzi oundana, Victor Frankenstein wa ku Geneva, amene amufotokozera za moyo wake. Pakati pa nkhani ya Victor, cholengedwacho chimapatsidwa mpata wonena mbali yake.

Victor, akuphunzira pa yunivesite ya Ingolstadt ku Germany, anapanga thupi lalitali mafiti 8 n'kulipatsa moyo. Litangotsegula maso, ananyansidwa nalo n'kuthawa. Cholengedwacho chinayendayenda chokha m'nkhalango, chikudya zipatso, mpaka chinabisala m'kachisakasa kogundana ndi nyumba ya banja lina losauka. Posuzumira pa kamng'alu chinaphunzira kulankhula ndi kuwerenga, ndipo usiku chinkawatolera nkhuni mobisa. Chitalimba mtima n'kudzionetsa kwa nkhalamba yosaona ya m'nyumbamo, inachilandira bwino, koma ana ake atalowa n'kuchiona anachimenya n'kuchipirikitsa. Kwa ine apa ndi pamene pali mtima wa buku lonse, ndipo ndi gawo limene mafilimu ambiri akale analifupikitsa kapena kulitaya.

Kuchokera pamenepo chinayamba kubwezera. Chinapha William, mng'ono wake wa Victor, n'kuchititsa kuti mlanduwo ugwere wantchito wosalakwa, Justine, amene ananyongedwa Victor ali chete ngakhale ankadziwa zoona. Kenako chinapempha kuti achipangire mkazi, n'kulonjeza kuti awiriwo adzapita kutali ndi anthu. Victor anavomera, anayamba ntchitoyo ku zilumba za Orkney ku Scotland, koma anaiphwasula isanathe poopa kuti angadzabereke mtundu woopsa. Cholengedwacho chinapha mnzake wapamtima Henry Clerval, kenako mkazi wake Elizabeth usiku wa ukwati wawo. Victor anachilondola mpaka kumadzi oundana kuja, kumene anafera m'sitima ya Walton, ndipo cholengedwacho chinabwera kudzamulira.

Anthu amaliwerenga mosiyanasiyana. Ena amati ndi chenjezo kwa munthu wofuna kulanda ntchito ya Mulungu, ndipo amaloza ku dzina lachiwiri la bukuli, The Modern Prometheus, lotengera nthano ya Agiriki ya amene anaba moto kwa milungu n'kulangidwa. Ena amati tchimo la Victor silinali kupanga, koma kusiya chimene anapanga chopanda womulera. Enanso amaliona ngati nkhani ya ndale, ya anthu oponderezedwa amene amasanduka oopsa chifukwa cha mmene awachitira. Ngakhale oteteza zinthu zoipa analigwiritsapo ntchito. Mu 1824 George Canning, nduna yoona za kunja ya Britain, polankhula m'nyumba ya malamulo anayerekezera kapolo womasulidwa mwadzidzidzi ndi cholengedwa cha m'bukuli, pofuna kuti ukapolo ku zilumba za West Indies usathe msanga.

Analemba ndani kwenikweni?

Bukuli linatuluka pa 1 Januwale 1818 m'magawo atatu, makope 500 okha, popanda dzina la mlembi. Mawu oyamba analemba ndi Percy, ndipo bukulo linaperekedwa mwaulemu kwa Godwin. Chifukwa cha zimenezi ambiri, kuphatikizapo wolemba wotchuka Walter Scott amene analiyamikira m'magazini, anaganiza kuti mwini wake ndi Percy. Dzina la Mary linaonekera pa buku losindikizidwa kachiwiri mu 1823.

Mapepala ambiri amene analembapo pamanja alipobe, ku laibulale ya Bodleian ku Oxford. Amaonetsa zolemba za Mary, ndi zosintha za Percy m'mbali ndi pakati pa mizere. Katswiri wina wa ku America, Charles Robinson, atawafufuza anapeza kuti mawu a Percy ndi pafupifupi 4,000 mpaka 5,000, m'buku la mawu oposa 70,000. Ambiri mwa akatswiri amaona kuti imeneyi ndi ntchito ya mkonzi, yofanana ndi imene Mary nayenso ankachita pa zolemba za mwamuna wake. Ochepa amanenabe kuti dzanja la Percy linali lalikulu kuposa apa. Pali mkangano winanso pakati pa amene amati zosintha zakezo zinakometsa bukuli ndi amene amati zinalemetsa chilankhulo chosavuta cha Mary ndi mawu apamwamba.

Palinso mabuku awiri, osati limodzi. Mu 1831 Mary analikonzanso kwambiri. M'buku la 1818 Elizabeth ndi msuweni wa Victor, pamene m'la 1831 ndi mwana wamasiye wongoleredwa m'banjamo. Buku lachiwirili limamuonetsanso Victor ngati munthu wokokedwa ndi tsoka limene sakanalipewa, pamene loyamba limasiya udindo waukulu m'manja mwake.

Moyo wake bukuli litatuluka

Mu 1818 banjali linasamukira ku Italy, ndipo kumeneko Mary anaika m'manda ana awiri pasanathe chaka. Clara anamwalira ku Venice mu Seputembala 1818, ndipo William ku Rome mu Juni 1819. Mwana mmodzi yekha, Percy Florence, wobadwa mu Novembala 1819, ndi amene anakula. Mu Juni 1822 Mary anapita padera mpaka kutsala pang'ono kufa, ndipo pa 8 Julayi mwamuna wake anamira boti lake litagwidwa ndi namondwe kufupi ndi gombe la kumpoto chakumadzulo kwa Italy. Anakhala wamasiye asanakwanitse zaka 25, ndipo sanakwatiwenso.

Atabwerera ku London mu 1823 anapeza nkhani yake ikuseweredwa m'nyumba ya zisudzo, m'sewero la Richard Brinsley Peake lotchedwa Presumption. M'seweroli cholengedwacho sichinkalankhula, ndipo kuyambira pamenepo chithunzi cha chilombo chopanda mawu chinayamba kuphimba cha m'buku. Apongozi ake aamuna, Sir Timothy Shelley, ankamupatsa ndalama zochepa zolerera mwana, n'kumuletsa kufalitsa mbiri ya Percy. Choncho anadzidyetsa ndi cholembera. Analemba mabuku ena monga Lodore ndi Falkner, nkhani zifupizifupi za m'magazini, ndi mbiri za olemba a ku Italy, Spain, Portugal ndi France. Mu 1839 anasonkhanitsa ndakatulo za mwamuna wake n'kuikamo ndemanga zake, ntchito imene inathandiza kwambiri kuti Percy adziwike monga akudziwikira lero.

Buku lake lina loyenera kulitchula ndi The Last Man la 1826, lonena za mliri umene ukupulula anthu onse padziko chakufupi ndi chaka cha 2100 mpaka kutsala munthu mmodzi. Pa nthawiyo olemba ndemanga analinyoza kwambiri ndipo linaiwalika kwa zaka zoposa 100. Linayamba kuwerengedwanso m'zaka za m'ma 1960, ndipo mliri wa COVID-19 utabuka mu 2020 anthu ambiri analifunafuna. Mary anamwalira ku London pa 1 Febuluwale 1851 ali ndi zaka 53, ndipo anaikidwa ku Bournemouth.

Mafunso amene sanayankhidwe

Funso loyamba n'lakuti kodi Frankenstein ndi nkhani yoopsa kapena ndi chiyambi cha mtundu wina, wa nkhani zopeka zozikidwa pa sayansi. Wolemba wa ku Britain Brian Aldiss ananena mu 1973 kuti ndi buku loyamba la mtundu wachiwiriwu, ndipo ambiri anagwirizana naye, pamene ena amati mizu yake yonse ili m'mabuku a gothic aja.

Lachiwiri ndi la moyo wa mlembi. Imfa ya mayi ake pobereka ndi ya khanda lake zimaoneka ngati zili pansi pa nkhani ya munthu wopereka moyo n'kuuthawa. Koma ena amadandaula kuti kuwerenga motere kumamuchepetsa Mary, ngati kuti mkazi sangalembe za nzeru ndi ndale koma za chisoni chake chokha, pomwe iye anawerenga kwambiri mabuku a makolo ake ndi a sayansi ya nthawiyo.

Aphunzitsi amasiyananso pa buku loti ophunzira aziwerenga, la 1818 kapena la 1831. Loyamba ndi la mtsikana wolimba mtima, lachiwiri ndi la mayi amene anaika ana atatu ndi mwamuna, ndipo ndi limene iye mwini analisiya ngati lomaliza.

Funso lovuta kwambiri ndi limene amakanganirana amene amatchula dzinali pa nkhani za makompyuta ndi zosintha chibadwa cha zamoyo. Ngati kulakwa kwa Victor kunali kuyamba ntchitoyo, ndiye kuti pali zinthu zimene akatswiri sayenera kuzigwira n'komwe. Ngati kulakwa kwake kunali kuthawa ndi kubisa, ndiye kuti nkhani yagona pa kuyang'anira, kuulula poyera ndi kusenza udindo. Victor yemwe akumwalira amamuchenjeza Walton kuti apewe mtima wofuna kutchuka, koma nthawi yomweyo amanena kuti mwina wina adzapambana pamene iye walephera, ndipo mbali zonse ziwiri za mkanganowu zimatenga mawu akewo ngati umboni wawo.